Chithunzi cha Nsagwada za Malume

Ethel anayamba waona tsaya asanaone mwini wake. Basi yochokera ku Lusaka itaima pa renki ya Gaborone, anthu anatsika atatuwa ndi ulendo, ndipo pakati pawo panali mkulu wina wamtali wovala jekete la bulauni, tsaya lakumanzere litatumphuka ngati wabisa mbatata m'kamwa. Anali a Kingston a ku Mchinji, alongo awo a malemu mayi ake, amene anamulera Ethel kuyambira ali kamtsikana kosadziwa kupesa.

Atapatsana moni, Ethel anafunsa za tsayalo. A Kingston anaseka n'kunena kuti ndi kadzino kopusa, sikapweteka n'komwe. Chaka chathachi ku chipatala cha kwawo anawazula dzino limodzi, koma zikuoneka kuti anazula losalakwa, chifukwa kutupako sikunaphwe. Anati Ethel awapezere munthu wodziwa kugwira pulayala achotse linalo, popeza iwo sangakakhale pamaso pa asewere nkhope itapendekeka.

Asewerewo ndiwo anawayendetsa ulendo wonsewu. Ethel ankaphunzitsa masamu pa sekondale ina, ndipo ankakhala kudera la Block 9 mumzinda momwemo ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Melissa. Mwamuna wake, Morton, anamwalira konkuno mwanayo ali ku pulayimale. Tsopano Melissa anali atapeza mnyamata wachitswana dzina lake Gofaone, ndipo akwawo kwa mnyamatayo ankafuna kubwera kudzafunsira mbeta mwamwambo. Koma pa nkhani ya ukwati Atswana ndi ouma ngati ife tomwe. Sayankhula ndi mayi wa mwana, amafuna mwini mbumba. Ethel anayesapo kuwapatsa mkulu wa mpingo, iwo anakana mwaulemu kwambiri, ulemu wopweteka uja, n'kunena kuti adikira. Anadikiradi mpaka azimayi a kutchalitchi anayamba kufunsa Ethel ngati mnyamata uja akadalipo. Melissa anasiya kudya bwino.

Choncho a Kingston anali munthu yekhayo padziko amene akanatsegula khomo limeneli. Ndipo ntchitoyo ankaidziwa. Sukulu sanapite nayo patali, Chingerezi chawo chinkathera pa moni ndi zikomo, koma pakamwa pawo ndi pamene panali munda wawo. Kwawoko ukwati ukavuta ankaitana iwo, maliro akasokonekera ankaitana iwo, ndipo anthu odana ankachoka pabwalo akuseka asakudziwa kuti agonja nthawi yanji.

Ethel anapita nawo kwa dokotala wa mano kudera la mumzinda lotchedwa Village, mayi wachitswana wa magalasi, woyankhula pang'onopang'ono. Dokotalayo anayang'ana m'kamwa, anadina nkhama ndi chala, anafunsa ngati mlomo wam'munsi umachita dzanzi. Ethel atamasulira, a Kingston anavomera kuti inde, masiku ano tiyi amawathawira pakona ya mlomo iwo osamva. Dokotala anavula magolovesi n'kunena kuti sazula chilichonse asanajambule. A Kingston anadabwa kuti dziko lino ndi lolemera bwanji, mpaka dzino limatola chithunzi lisanafe.

Anawaimika pa makina aatali, anawauza kuti alume kapulasitiki ndipo asagwedezeke. Mbali ina ya makinawo inazungulira mutu wawo mwakachetechete. Posakhalitsa pa kompyuta panatuluka nsagwada zonse zitatambasulidwa, mano ali ndanda, ngati munthu amene akuseka zosasangalatsa. Kumanja fupa linali loyera bwinobwino. Kumanzere, pansi pa mano otafunira, panali chibowo chakuda chozungulira, chachikulu ngati dzira la nkhuku, chokhala ndi kamzere koyera m'mphepete, ndipo m'katimo munagona dzino lomwe silinamerepo chibadwire. Dokotala sanakhutire. Anawajambulanso pa makina ena oonetsa fupa mbali zonse.

Anafotokoza moyang'ana a Kingston, ngakhale mawu ake ankagwera kwa Ethel. Vuto silinali dzino. Linali thumba la madzi lomwe linamera m'kati mwa fupa, mozungulira dzino lobisika lija, ndipo lakhala likukula kwa zaka zambiri osapweteka, likudya fupa kuchokera m'kati. Ndi maso chabe palibe akanaliona, n'chifukwa chake kwawo anazula dzino labwino. Anati maonekedwe ake si a khansa, ngakhale adzafunika kutapako pang'ono kuti akapime. Nkhani yabwino inali yoti dokotala wa opaleshoni akhoza kuboola pang'ono, kutsanula madziwo, fupa n'kuyamba kudzibwezeretsa lokha. Nkhani yoopsa inali yoti pansi pa thumbalo fupa latsala lopyapyala ngati chigoba cha dzira. Anabwereza kuti asalume chilichonse cholimba, ngakhale mtedza, chifukwa nsagwadayo ikhoza kuthyoka pa chakudya, ndipo ikathyoka nkhani idzakhala ina.

A Kingston anali akugwedeza mutu mwaulemu nthawi yonseyi, monga amachitira munthu pa ulaliki wa chiyankhulo chachilendo. Kenaka anatembenukira kwa Ethel.

"Akuti bwanji adokotalawa? Chakuda icho n'chiyani?"

"Akuti ndi dzino lija, malume," anatero Ethel. "Lavunda mizu. Adzazula mwambo ukatha. Pakadali pano muzidya zofewa."

Mawuwo anatuluka okha, osalala, ngati anawakonza kale. Tisamuweruze msanga. Kwathu wodwala wamkulu sauzidwa zonse. Dokotala amaitanira pambali woyang'anira wodwala, ndipo iyeyo ndi amene amasenza katunduyo, kumangopatsako mwini wake pang'onopang'ono monga angathere. Ethel anakula akuona zimenezi ndipo ankazitcha chifundo. Ankakumbukiranso za mayi ake. Tsiku limene anauzidwa ku Lilongwe kuti ali ndi chotupa, a Kingston omwewa ndi amene anawatulutsa m'chipatala n'kupita nawo kumudzi, akunena kuti munthu azifera pakwawo. Ethel ankaona kuti akangotchula za chinthu chodya fupa, m'mawa mwake malume adzakhala ali pa renki ndi chikwama chawo.

Chifukwa chimenecho ndi chimene ankadzionetsa yekha. Panali china chimene ankachiyang'ana cham'mbali: malume akakwera basi, akwawo kwa Gofaone sadzadikiranso kachiwiri. Anatenga envulopu yaikulu ya chithunzi chija n'kuilowetsa pansi pa kapeti ya kumbuyo kwa galimoto. Tsiku lokaonana ndi dokotala wa opaleshoni analiika mwambo utadutsa.

Kuyambira pamenepo Ethel anasanduka mlonda wa pakamwa pa malume ake. Anabisa mtedza ndi chimanga chokazinga zomwe anabwera nazo kuchokera ku Mchinji. M'mawa phala, masana mbatata yopota, madzulo mazira ndi nthochi. Buledi ankachotsa makoko. A Kingston anapirira masiku oyamba, kenaka anayamba kudandaula kuti anayenda mayiko atatu kudzadyetsedwa ngati khanda, m'dziko limene ng'ombe zimachuluka kuposa anthu. Melissa, amene Chichewa chake chinali chodumphadumpha, ankaseka n'kuwayankha mu Chitswana, iwo n'kumuyankha mu Chichewa, onse awiri osamvana koma okondwa. Ethel yekha ndiye sankaseka. Nsagwada ya malume ikangosuntha, maso ake ankakhala pomwepo. Kangapo konse anakhala nawo pansi kuti awauze, koma ankapezeka akukamba za matenti ndi mipando.

Tsiku la mwambo alendo anafika dzuwa lisanatenthe. Amuna anali m'majekete, akazi m'mipango ndi mashawelo a buluu paphewa. Amuna anakhala pamipando kuseri kwa nyumba, pansi pa neti yotchinga dzuwa, akazi anakhala pansi cha kutsogolo. A Fiskani, mphunzitsi wa ku yunivesite amene wakhala kuno mpaka Chitswana chinamulowa m'magazi, ndi amene ankamasulira. Ethel sankaloledwa kufikako, koma mawu a malume ankamveka podutsa pakona ya nyumba, okhathamira, osafulumira. Ankamva a Kingston akuyankhula, a Fiskani akumasulira, kenaka phokoso la amuna akuseka. Mayi wina wa kuchimuna anamugwira Ethel pa bondo n'kumuuza kuti malume ake ndi munthu. Nthungululu zitalira, Ethel anadziwa kuti zatheka, ndipo misozi inamulengeza m'maso.

Za chakudya anali ataziganizira kale. Analamula kuti nyama yonse ikhale seswaa, nyama yachitswana ija yophika mpaka kufewa kenaka n'kuisinja, yoti ngakhale wopanda mano amadya. Ankaona kuti watseka mipata yonse. Chimene anaiwala, ngakhale wakhala m'dziko lino zaka zonsezi, n'chakuti kwa Atswana mutu wa chiweto ndi wa malume. Mbuzi imene inaphedwa dzulo lake, amuna a kuchimuna anasunga mutu wake n'kuuphika okha mu mphika wa miyendo itatu kuseri kwa mpanda.

Ethel anaona mbale ya mutuwo ikudutsa m'manja mwa malume a Gofaone, yovundikira ndi mbale inzake, khutu la mbuzi likusuzumira m'mbali. Anadzuka. Kuchokera pamene anaima kukafika pakona ya nyumba sipanali patali. Koma mayi wa mkwatibwi salowa pabwalo la amuna, ndipo akanakanena chiyani pamaso pa asewere, kuti chotsani ulemu wanuwo? Pa nthawi yomweyo azakhali a Gofaone anali akumukokera pansi kuti amufunde shawelo yatsopano. Ethel anadziuza kuti nyama ya kumutu imakhala yofewa, ndipo malume anauzidwa kale za zofewa. Anakhala pansi, anawerama, anamufunda shawelo, akazi onse akululutira.

A Kingston anauzidwadi za zofewa, koma anauzidwa ngati nkhani ya dzino lovunda, ndipo mwamuna wa ku Mchinji sakana ulemu chifukwa cha dzino. A Fiskani atawafotokozera tanthauzo la mbaleyo, mkuluyo anaimirira n'kuthokoza. Kwawo munthu ukapatsidwa nyama yaulemu susiya fupa lili ndi mnofu, umalikukuta mpaka mwini nyama aone kuti wakondwa. Komanso anali ndi nkhuli ya masiku onse a phala aja. A Fiskani anadzanena pambuyo pake kuti anamva kaphokoso ngati ka nthambi youma, koma anaganiza kuti ndi fupa la mbuzi.

Ethel sanadziwe kanthu. Kuseri kuja kuseka kunapitirira, mbale zinabwerera, alendo anatsanzika mosafulumira monga amachitira Atswana, aliyense kugwira chanza aliyense. A Kingston anawagwira chanza ali chikhalire, mpango uli pakamwa, akugwedeza mutu, ndipo alendowo anaona ngati ndi ulemu wa akuluakulu a ku Malawi. Galimoto yomaliza itatuluka pageti, a Fiskani anabwera kukhitchini nkhope itagwa n'kuuza Ethel kuti abwere adzaone.

Anawapeza atakhala mowongoka pampando womwe uja, jekete lomanga mabatani, thukuta lili kamukamu pamphumi. Mpango uja unali wofiira ndi magazi. Atauchotsa, Ethel anaona kuti mano apansi sakukumananso ndi apamwamba, chibwano chakhotera kumanzere. Mkuluyo anali atakhala choncho nthawi yonse imene alendo ankadya ndi kutsanzika, osabuula ngakhale kamodzi, kuti mwambo wa mdzukulu wawo usaonongeke. Anayesa kumuuza Ethel kuti asadandaule, zatheka, koma mawuwo anatuluka ophwanyika, osakanikirana ndi malovu. Ethel anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Kuchipatala anawabaya jakisoni wopha ululu, anawamanga bandeji yozungulira chibwano ndi mutu, n'kuwajambulanso. Dokotala wachinyamata amene anawalandira anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati bambowa anajambulidwapo kale, chifukwa chinthu chachikulu chonchi sichiyamba dzulo. Ethel akanatha kunena kuti ayi. Koma bodza linali litamutopetsa, ndipo dokotalayo anati chithunzi chakale chithandiza kudziwa pomwe fupa labwino likuthera. Anapita ku galimoto, anatukula kapeti, anabwera ndi envulopu ili ndi fumbi. A Kingston anaitsatira ndi maso kuchokera pakhomo mpaka m'manja mwa dokotala.

Zithunzi ziwirizo anaziika moyandikana. Chibowo chakuda chinali chomwecho, koma pa chatsopanocho kamzere koyera kapansi kaja kanali kataduka, mbali ina itakwera pamwamba pa inzake. Sipankafunika sukulu kuti munthu aone kusiyana kwake.

Namwino amene ankawapukuta magazi anali mayi wa ku Zambia, dzina lake Winfrida. Anamva Ethel akuyankhula Chichewa, ndiye anayamba kuwacheza a Kingston mu Chinyanja cha ku Lusaka kuti awalimbitse mtima. Anawerenga kalata ya dokotala wa mano imene inali mu envulopu muja, anapukusa mutu, n'kuyankhula mokoma mtima, osadziwa kuti akuponda pati.

"Koma imwe atate, munalimba mutima bwanji? Si anakuuzani kuti fupa apa yasala monga pepala? Chi thumba ichi chinadya yonse mukati. Manje munaluma chani?"

A Kingston anamuyang'ana namwinoyo, kenaka chithunzi chakale chija, kenaka Ethel. Sanakwiye. Bola akanakwiya. Anangomuyang'ana monga munthu amayang'anira njira imene ankaiyesa yakwawo n'kupeza kuti wasochera. Ethel anayamba kufotokoza za mayi ake, za basi, za kuopa kuti athawa, koma mawu ake ankamveka opepuka ngakhale m'makutu ake omwe, ndipo analekera panjira.

A Kingston anawagoneka m'chipatalamo. M'mawa mwake Ethel anafika ndi phala la madzimadzi mu fulasiki ndi kapaipi komwera. Melissa anabwera nawo, mphete yachitomero ili pachala, maso atatupa. Kunyumba mphatso za asewere zinali zikadali pabalaza, palibe anazikhudza. A Kingston anamugwira Melissa dzanja n'kulisisita. Phala analandira kwa Melissa.

Dokotala wa opaleshoni, bambo wa imvi, analowa ndi Winfrida atanyamula zithunzi zonse. Anati akufuna kufotokozera wodwalayo bwinobwino zimene zichitike, chifukwa ndi opaleshoni yaikulu ndipo mwini wake ayenera kuvomereza akudziwa. Anafunsa amene amasulire. Ethel anakoka mpando n'kuuika pafupi ndi mutu wa bedi, monga wakhala akuchitira chifikire malume ake m'dziko lino.

A Kingston anakweza dzanja. Anayankhula mano ali chilumire, liwu lililonse likutuluka movutikira.

"Andiuze mayi awa," anatero akuloza Winfrida. "Iwe katidikire panja."

Ethel anatuluka. Anakhala pa benchi ya m'khonde, fulasiki ili pamiyendo. Chitseko sichinatsekeke bwino, choncho ankamva zonse. Dokotala ankanena mu Chingerezi, Winfrida n'kubwereza mu Chinyanja chake chosapita m'mbali. Adzatsegula pansi pa chibwano. Adzachotsa thumba lonse pamodzi ndi mano otsala a mbali imeneyo. Adzaikamo chitsulo, ndipo mwina adzatenga fupa la m'chiuno kuti atsekere mpatawo. Nsagwada zidzamangidwa kwa milungu yambiri. Dzanzi la mlomo likhoza kukhala la moyo wonse, ndipo mayankhulidwe awo sangalonjeze kuti adzabwerera mwakale.

Ethel anadikira kuti amve bedi likulira, mkulu akufuna nsapato zake ndi chikwama chake. Sanamve zimenezo. Anamva mawu ophwanyika aja akufunsa mafunso, limodzi limodzi, mwadongosolo, monga ankachitira pabwalo. Anafunsa ngati ndi khansa. Anafunsa kuti chitsulocho chidzachotsedwa kapena adzapita nacho kumanda. Anafunsa ngati adzathe kulima chaka chino. Kenaka anafunsa kuti ikanakhala kuti nsagwadayo sinathyoke, adokotala akanachita chiyani.

Winfrida anazengereza pang'ono, koma anamasulira yankho lonse. Akanaboola kabowo kakang'ono m'kamwa, madzi akanatuluka, fupa likanayamba kudzaza lokha, ndipo mwina a Kingston akanabwerera ku Mchinji ndi nsagwada yawo yomwe anabadwa nayo.

Ethel anagwira fulasiki ija ndi manja onse awiri.

"Ndamva," anatero a Kingston. "Apitirize adokotala."